Zitsulo Zinkalira Mwamuna Wanga Ali Kuntchito

1

Dzina langa ndine Sikina, mwana wa Che Bwanali aja anali ndi golosale pa Lirangwe, chapafupi ndi pokwerera mabasi. Ndakalamba tsopano, ndipo ambiri omwe ndinkawaopa anatsikira kulichete. N'chifukwa chake ndikulankhula. Izi zinandionekera m'chaka cha 1981, nthawi ija munthu akafuna kutsokomola ankayamba wacheuka.

Ndinakwatiwa kawiri. Mwamuna wanga woyamba, Chande, anali telala pakhonde la golosale ya ababa. Tinangodyera limodzi chimanga cha chaka chimodzi. Tsiku lina mayi wina anabwera ndi nsalu ya chipani kuti amusokere diresi, ndipo sizasi ya Chande inadutsa pankhope yomwe inali pansaluyo. Mayiyo sanakalipe. Anangotola zidutswazo n'kumapita. M'mawa mwake kunabwera galimoto yopanda nambala, Chande n'kukwera tepi yoyezera ili m'khosi.

Patapita zaka ziwiri, ababa anandiitanira kuseri kwa kauntala n'kundiuza kuti uthenga wafika, Chande wamwalira komwe anali. Mtembo sitinauone, ndipo masiku amenewo munthu sunkafunsa. Tinachita sadaka mwakachetechete, ndinakhala masiku anga olira, kenako ndinamasulidwa.

Mwa anzake onse a Chande, Athumani yekha ndiye sankawoloka msewu akandiona. Awiriwa anakulira limodzi kumadarasa. Iye ankagwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege la Chileka, munthu wa mapewa otambalala koma wa mawu ochepa. Atandifunsira ndinavomera, ndipo tinakakhala ku Chileka, m'nyumba ya malata yomwe inkanjenjemera ndege ikamanyamuka. Ngakhale tili m'banja sanasiye kunditchula kuti "inu", monga ankachitira ndili mlamu wake.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi pathupi, poyamba m'moyo wanga.

2

Loweruka lina ndinapita ku chinkhoswe kwa Kuntaja. Pobwera ndinapeza mapazi a galimoto pabwalo, olunjika ku kanyumba ka kumunsi kwa poloti, pafupi ndi mabulugamu, komwe tinkasungira chimanga. Matumba onse anali atawatulutsa n'kuwaunjika m'khitchini. Pachitseko cha kanyumbako panali loko watsopano, ndipo zenera anali atalitseka ndi masaka.

"Kwabwera ndani?" ndinafunsa.

"Palibe. Ndikufuna kuyamba kunyamula zitsulo," anatero Athumani. "Kuntchito akulemba anyamata atsopano. Ndikafooka andisiya."

"Munthu wonyamula mabokosi tsiku lonse, abwere kunyumba adzanyamulenso zitsulo?"

"Inu musamayandikire kumeneko. Chitsulo chikagubuduka sichisankha, ndipo mmene mulilimu sindikufuna ngozi."

Madzulo omwewo anatenga zitini ziwiri za penti, n'kuzithira simenti, n'kuzilumikiza ndi paipi. Zitauma anazilowetsa m'kanyumba muja. Kuyambira pamenepo ankati ndizimuphikira chakudya chambiri. Ankadya pang'ono pakhonde, chotsalacho n'kupita nacho kumunsi, eti zitsulo zimautsa njala. M'mamawa ankatulukamo ndi chidebe chovundikira n'kukachikhuthula kuchimbudzi. Ndinkaona zonsezi. Ndinkaonanso kuti m'malo mofufuma, mwamuna wanga ankatha. Lamba anabowola bowo lina.

Sabata isanathe ndinapeza zitini zija zili pa udzu.

"Mwatopa nazo kale?"

"N'zotsika mtengo, koma zilibe phindu," anayankha akutsuka m'manja. "Simenti ikauma yauma, sungachepetse, sungawonjezere. Ndiye ukamanyamula uli chogona, zikakutsikira pachifuwa uli wekha, wapita."

"Nanga osanyamula muli chiimire bwanji, ngati mmene amachitira anyamata a kumsika?"

Anandiyang'ana, madzi akudontha m'zala.

3

Wailesi yathu inasowa pashelefu. Anati wagulitsa. M'malo mwake anabwera ndi kabokosi kochokera m'sitolo ina ku Limbe, momwe munali masipuling'i aataliatali okhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri. Anandionetsa pakhonde. Anawakoka onse pamodzi, manja n'kutambasuka ngati akuyanika nsalu.

"Izi ndiye zabwino," anatero. "N'zopepuka, ndipo zikalimba umachotsako ena. Munthu akhoza kukoka ali chikhalire."

M'mawa mwake ndikusesa ndinapeza masipuling'i aja atapachikidwa pamsomali kuseri kwa khitchini. Anawachotsa onse, n'kungosiya imodzi pa zogwirira zomwe analowa nazo m'kanyumba. Munthu amene dzulo lake anakoka onse osachita n'thukuta lomwe!

Patadutsa masabata angapo anayambanso kudandaula. Masipuling'i amakanda khungu, amatha mphamvu msanga, ndipo choposa zonse amangolimbitsa manja ndi chifuwa.

"Miyendo saithandiza n'komwe," anatero akuyang'ana pansi.

"Miyendo yanu yatani?"

"Ndangonena."

Ndiye linafika tsiku lomwe sindidzaliiwala. Kunali masana, dzuwa lili paliwombo, Athumani ali kuntchito. Ndege inali itangodutsa, ndipo kunagwa bata lija limabwera malata akasiya kunjenjemera. Ndikuanika zovala ndinamva kulira kwa chitsulo. Kwiii. N'kudukiza. Kwiii. Kumachokera kumunsi.

"Mwamva nanunso?"

Ndinadzidzimuka. Anali a Phyllis, oyandikana nawo nyumba, atatsamira pampanda. Amuna awo, a Christmas, anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu.

"Ndi mabulugamu akukhulana ndi mphepo," ndinatero.

"Mphepo yake iti, mayi? Tsamba n'limodzi lomwe silikugwedezeka." Anaseka pang'ono. "Kwathu kunali munthu wina wa chigayo, nayenso anali ndi chipinda chokhoma. Ankati ndi sitolo. Atamwalira anapezamo mphwake yemwe tinamuika m'manda kalekale, lilime atalidula. Ndondocha zimadya kwambiri, anzanga. Inu simukuona ufa ukutha msanga?"

Atachoka ndinatsikira kumunsi. Ndinagogoda. Phokoso linasiya. Ndinaika khutu pachitseko, ndipo ndinamva munthu akupuma, pang'onopang'ono, ngati akuyesetsa kuti asamveke. Pamng'alu pankatuluka fungo la mankhwala opaka pazilonda.

Ndinathawa nditagwira mimba.

4

Kutacha ndinakwera basi kupita kwa ababa ku Lirangwe. Ndinawapeza akuyeza shuga. Nditawauza za loko, za chakudya ndi za kupuma kuja, shuga anatayikira pakauntala.

"Wamuona?" anafunsa.

"Ndamuona ndani, ababa?"

"Ndikuti zitsulozo. Waziona?" Anayamba kusonkhanitsa shuga ndi dzanja osandiyang'ana. "Iwe Sikina, za m'nyumba ya mwamuna wako usamazikumbe. Bwerera, ukhale phee. Ndipo usamuuze wina aliyense."

Ndinatuluka mtima uli m'mwamba kuposa mmene ndinalowera. Pobwerera kokwerera basi njira inkadutsa kwa a Frazer, owotcherera zitsulo. Pampanda wawo ndinaona njinga ya Athumani, munthu amene anandiuza kuti ali pantchito mpaka madzulo. Ndinaima kuseri kwa chigoba cha lole chomwe chinali pamenepo.

"Mzungu wina wokonza ndege akubwerera kwawo," Athumani ankatero. "Akugulitsa njinga ija yosayenda, yopalasa uli pamalo amodzi. Ndi yowala bwino, mtengo wakenso wautsitsa. Inu mukuiona bwanji?"

"Yowala inde," anayankha a Frazer. "Koma njinga imeneyo ndi ya mpweya, ya anthu ofuna kuphwetsa mimba. Mphamvu ya m'miyendo imabwera koma yochepa. Ikathyoka kachitsulo kamodzi, mukakapeza kuti kuno? Komanso pamafunika munthu woti akwere yekha, akhale mowongoka."

"Ndiye sizitheka."

"Makina anga aja ndinakujambulirani pansi ndi ena. Benchi yogonapo, thabwa lopondapo kumapazi, chingwe cha waya chodutsa pa kagudumu, kumapeto kwake n'kumakolekako magiya a lole. Lero giya imodzi yaing'ono, mwezi wamawa ziwiri. Mukatembenuka, chingwe chomwecho mukoka ndi manja. Palibe chokugwerani pachifuwa. Ndi okwera mtengo kuposa njinga ya mzunguyo, sindinama, koma adzatha ndinu, iwo alipo." Anamuyang'ana m'miyendo. "Chondidabwitsa n'chimodzi, Che Athumani. Mwendo wanu uli ngati mtondo. Mukufuniranji makina oyambira pa kulemera kwa paketi ya mchere?"

"Ingopangani. Ndipo muwapake girisi wambiri, asamalire."

"Munthu akalimbikira pa amenewa, pofika nthawi ya mango akhala akuthyola zitseko ndi mwendo."

Athumani ananena ndi mawu omwe sindinawamvepo kwa iye.

"Ndikudziwa. N'zimene zikundidya. Koma pangani omwewo."

5

Makinawo anabwera pa ngolo, atawaphwasula n'kuwakulunga m'masaka. Njinga ya Athumani sinabwererenso, anayamba kupita kuntchito wapansi. Girisi wa a Frazer sanathandize kwenikweni. Masana, magiya akamatsika, nthaka inkamveka kuti di! di! mpaka m'khitchini.

Madzulo ena, atangomaliza kupemphera swala, ndinakhala patsogolo pake pamkeka.

"Muli ndani m'kanyumba muja?"

"Sikina, ndipatseni nthawi. Mudzachire kaye, mwanayu abadwe."

"Ndi mkazi?"

"Bwenzi zili bwino akanakhala mkazi."

"Ndiye n'zoona zomwe akunena anthuzi? Mwapha munthu kuti mulemere? Kulemera kwake kuti, wailesi ndi njinga zapita?"

Mwamuna uja, amene ankanyamula bokosi loti anthu awiri alephera, anaphimba nkhope ndi manja n'kuyamba kulira.

"Ndinalumbira nditagwira Korani," anatero. "Musandiumirize kuthyola."

Lamlungu lotsatira kunabwera a Christmas. Anati akuona ngati aliyense ali ndi khadi la chipani. Tinawaonetsa athu. Anakhala pampando, n'kumwa tiyi osafulumira, maso ali kumunsi kwa poloti.

"Ndamva kuti mwasanduka chiphona, Che Athumani."

"N'zolimbitsa thupi chabe, atcheya."

"Zabwino zimenezo. Kungoti munthu akamasonkhanitsa mphamvu, ife timafuna kudziwa kuti akukonzekera ndani. Mwamva za anthu akuphunzitsa anyamata zachilendo cha kumalire uku? Ndiye inu mumagwira pamalo pomwe pamatera akuluakulu." Anaika kapu pansi. "Tsiku lina mudzandionetse makinawo. Nanenso msanawu umandivuta."

Atapita, Athumani anakhala pakhonde mpaka tiyi wake anazizira. Ndinamuuza kuti chilichonse chili mmenemo achichotse. Anati palibe kopita nacho.

6

Anabwera Lachitatu chakummawa, Athumani atapita kale. A Christmas anali patsogolo, pambuyo pawo anyamata a malaya ofiira, mmodzi atanyamula nkhwangwa. A Phyllis ndi amayi ena anaima pampanda.

"Kiyi, mayi."

"Ali ndi eni ake."

Sanafunsenso. Nkhwangwa inagwa pa loko, chitseko n'kutseguka. Anyamata aja analowa mwaukali, koma anangoti ndii pakhomo pomwepo. Ine ndinasuzumira pakati pa mapewa awo.

Pabenchi panali patagona munthu, mapazi ali pathabwa, chingwe chikugwederabe. Tsitsi lake linali loyera ngati phulusa. Manja ndi chifuwa zinali ndi kamnofu, koma miyendo inali ngati mapesi, ndipo mu akakolo munali zipsera zozungulira, zakuya, zina zisanapole. Anadzuka pogwira chingwe, n'kukoka saka kuti aphimbe miyendoyo. Sanayang'ane anyamatawo. Anayang'ana ine.

"Sikina, khala pansi. Ungagwe ndi mwanayo."

Nkhope sindinaizindikire. Mawuwo ndiwo anandilasa. Ndinakhala padothi pomwepo.

"Ndiwe ndani?" anafunsa a Christmas.

"Chande, telala wa pa Lirangwe. Ananditenga kalekale. Sindinathawe, atcheya, taonani miyendoyi ngati ndi yothawira. Ananditulutsa okha ataona kuti sindingathenso kuimirira, n'kudzanditula pomwe ananditenga."

Anyamata aja anabwerera chambuyo ngati aona wakhate. Masiku amenewo munthu wochokera kumalo amenewo sunkamupatsa moni, kuopa kuti tsoka lake lingakumatire. A Christmas anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Iyi yandikulira," anatero. "Ndi ya akuluakulu."

Anachoka osakhudza kanthu. Kumpanda nako kunalibenso munthu.

7

Tinatsala awiri. Ndinalephera kulira, ndinalephera kumukhudza.

"Tinakuchitira sadaka," ndinatero.

"Ndikudziwa."

Anandifotokozera zonse. Galimoto inamutula pakhonde la golosale m'mamawa msika usanadzadze. Ababa anamukokera kuseri, n'kumubisa pakati pa matumba a mchere, n'kuitanitsa Athumani. Anamuuza kuti amutengere kutali, kumalire a Mozambique, akamusiye kwa aliyense amene angamulandire. Athumani anavomera, n'kubwereka galimoto, koma anakhotera ku Chileka.

"Ndine ndinamulumbiritsa," anatero Chande. "Sindinafune undione ndikukwawa. Ndinati ndiime kaye. Ndinkakuona pamng'alu ukuanika zovala. Tsiku lija unagogoda ndinaluma saka kuti ndisayankhe."

"Zaka zonsezi, osatumiza ngakhale mawu?"



"Ndinatumiza. Kunali mlonda wina wachifundo, kwawo kunali cha ku Lunzu. Akapita kutchuthi ankadzera pagolosale. Ulendo woyamba anawauza ababa ako kuti ndili moyo. Sadaka munachita pambuyo pake. Atapitanso chaka china, ababa akowo anamuyankha kuti, 'Kamuuzeni kuti kuno tinamuika kale, asatiphetse.'"

Ndinamva ngati nyumba yapendekeka. Mpunga wa sadaka ija ndinaphika ndi manja anga, ababa akundilimbitsa mtima.

Athumani anafika akuthamanga, uthenga utamupeza kuntchito. Anaona loko pansi, n'kuima pakhomo ngati mlendo.

"Inu munkadziwa kuti ali moyo pondikwatira?" ndinamufunsa.

"Mulungu ndi mboni, ayi. Ndinadziwa tsiku lomwe ndinamuona pa matumba a mchere."

"Ndiye awirinu munagwirizana kuti Sikina ndi bokosi la pabwalo la ndege? Likhale pamenepo mpaka mwini wake adzathe kulinyamula?"

Athumani anakhala pansi pafupi ndi benchi, n'kulankhula akuyang'ana Chande.

"Achimwene, pali zomwe sindinakuuzeni. Zitini zija ndinapanga ndikudziwa kuti sizikuthandizani. Masipuling'i ndinagula ndikudziwa kuti miyendo saifika. Ndinkati mukhale moyo, koma musaime msanga, chifukwa tsiku lomwe mudzaime ine ndidzatsala ndekha. Kenako ndinakuonani mukudzikoka pansi kupita pachidebe, ndinadzida. M'pamene ndinapita kwa a Frazer."

"Ndinkadziwa," anatero Chande. "Ukanakhala iweyo pabenchipa, mwina ine ndikanalekera pa zitini."

Kutacha galimoto inabwera. Sanafunse za Chande. Anafuna munthu wogwira ntchito pabwalo la ndege amene ankasunga mdani wa boma m'chipinda chokhoma, n'kumamuphunzitsa mphamvu. Athumani anavula wotchi n'kundipatsa.

"Makinawo musagulitse," anatero. "Magiya aziwonjezera pang'onopang'ono, asathamange."

8

Ababa anabwera patapita masiku ochepa, atavala mkanjo wawo woyera. Anaima pabwalo, sanalowe.

"Longedza, tizipita. Ndafunsa kwa ashehe, akuti ukwati woyamba sunathe. Mwamuna wako ndi uyu ali panoyu. Winayo muiwale, kumene wapitako sabwerako anthu."

"Anabwerako mmodzi, ababa. Ali kumunsiko. Mukamupatse moni."

"Ndinachita zija kuti ndikupulumutse. Akanatseka golosale, akanatitenga tonse. Ukanakalamba ukudikira."

"Munandiphikitsa sadaka ya munthu wamoyo. Yachiwiri sindiphika."

Anabwerera okha.

Mwana anabadwa wamkazi, ndinamutcha Zaituni. Anthu anasiya kudzera pakhomo pathu. Kuchitsime ndikafika, nkhani zinkatha. Chande anakhalabe m'kanyumba muja, koma chitseko chili chotsegula, ndipo m'mawa uliwonse magiya ankagunda. Ndinkamupititsira chakudya, n'kukhala pakhomo mwana ali kumsana. Sindikubisirani, owerenga, masiku ena akaseka ndinkamuona mnyamata uja wa pakhonde la golosale, mtima n'kundithawa. Ndikabwerera m'nyumba n'kuona malaya a Athumani pamsomali, unkabwereranso ukuwawa.

Mango atayamba kupsa, Chande anaima. Anagwira chitseko, n'kuponda panja ndi ndodo ziwiri, thukuta lili kamukamu. Anayenda mpaka pakhonde n'kukhala pampando.

"Sikina, tonse atatu tinakusankhira zochita. Palibe anakufunsa. Ine ndikufunsa lero. Ukufuna chiyani?"

Ndinayang'ana mwana ali pamwendo panga. Yankho ndinali nalo kale, kungoti linali lolemera kulitulutsa.

"Ndidikira bambo wake wa mwanayu."

Anagwedeza mutu. Maso ake anafiira, koma sanatsutse. Lachisanu lotsatira anaitanitsa ashehe ndi mboni. Anakana mpando. Anandipatsa talaka, mawu othetsa ukwati wathu, ali chiimire pa ndodo zake.

A Frazer, amene sanaope kubwera, anamupezera makina akale osokera, opalasa ndi mapazi. Chande anakachita lendi kachipinda kumsika wa Chileka, n'kumasoka zigamba ndi mayunifolomu a ana a sukulu. Miyendo yomwe ija inkatidyetsa ine ndi Zaituni.

Athumani anatuluka mwana akuyenda kale ndi kulankhula. Anabwera wapansi, mano akutsogolo palibe, khutu limodzi losamva. Za komwe anali sananenepo kanthu mpaka imfa yake. Ntchito inali itapita. Ashehe anatimangitsanso ukwati, ndipo mboni yake inali Chande. Mwezi womwewo Chande anakweza makina ake osokera pa basi n'kupita ku Balaka. Ankabwera pa Idi pokha, ndi kadiresi ka Zaituni m'pepala.

9

Mpaka lero sindidziwa amene anakanena. A Phyllis anandipatsa moni mpaka tsiku lomwe anasamuka. A Christmas, zinthu zitasintha m'dziko muno, ankauza anthu kuti iwo anangotumidwa, lipoti linachokera kwina.

Ababa atadwala matenda awo omaliza anandiitanitsa. Ndinali ndisanapondemo m'nyumba mwawo chichitikire zija. Ndinawapeza atatha, mawu akutuluka movutikira.

"Sikina, wandikhululukira?"

"Za Chande ndinakhululuka kale, ababa. Munali ndi mantha, tonse tinali nawo. Koma ndiuzeni chimodzi. Anthu odziwa kuti m'kanyumba muja muli ndani munali atatu. Awiri sakanadzinenera okha. Tsiku lija ndinabwera kudzakuuzani za loko, inu munapita kuti nditachoka?"

Anandiyang'ana. Kenako anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, ndikuwakupiza ntchentche. Sanatembenukenso.

Inu owerenga, makamaka abambo amene mumati mkazi asamve, angadandaule: ine anandibisira amuna atatu. Wina chifukwa cha mantha, wina chifukwa cha manyazi, wina chifukwa cha chikondi. Aliyense ankati akunditeteza. Akanandiuza tsiku loyamba, ndikanatsegula chitseko chija ndekha, ndikanati ndi mlongo wanga wodwala wochokera kumudzi, ndipo palibe akanabwera ndi nkhwangwa. Ngati m'nyumba mwanu muli chinthu chomwe mukuti mudzanena nthawi ikadzakwana, nenani madzulo ano, amene mukumubisirayo akadali ndi mpata wokuthandizani kuchinyamula.